BOKOSI LA A MALUME: MABUKU A ZITHUNZI ANAPULUMUKA NKHONDO, KOMA CHISWE CHAWAPEZA

INSACA, Mecanhelas — Munthu akagula matemba pa msika wa pa Entre-Lagos, kapena zitumbuwa pa Insaca pano, sayang'ana pepala limene amukulungiramo. Akafika kunyumba amalitaya, kapena kukolezera moto. Nanenso ndinkachita chimodzimodzi mpaka chaka chatha, pamene tinatsegula bokosi lachitsulo la malemu a malume anga. Kuchokera tsiku limenelo, ndikalandira kanthu kokulunga m'pepala ndimayamba ndalifunyulula kuti ndione chimene chajambulidwapo.

A malume anatisiya m'nyengo ya dzinja. Titameta, abale tinakhala pansi pa mtengo wa mango kugawa katundu monga mwa mwambo. Makina osokera, njinga ndi wailesi zinapeza eni ake mosavuta. Chimene aliyense ankachiyang'ana cham'mbali chinali bokosi lobiriwira lokhala ndi loko, limene linkakhala pa njerwa zinayi kuchipinda kwawo, ndipo ngakhale akazi awo sankalitsegula. Mphekesera inali yoti muli ndalama. Titathyola loko tinapeza mapepala okhaokha: timabuku ta zithunzi 71, tina topanda zikuto, ndi makope awiri omatamo tizithunzi todula m'nyuzipepala. Ena mwa abale anadzuka n'kumapita osatsanzika.

Timabuku timeneti pa Chipwitikizi amati banda desenhada, ku Brazil amati gibi, ndipo anzathu a ku Malawi amati makomiki kapena makatuni. Nkhani yake imayenda m'timabokosi ta zithunzi, mawu a munthu akutuluka pakamwa pake m'kachikhodzodzo. A malume ankangoti mabuku a tianthu.

ANABWERA PA NJANJI

Awerengi angafunse kuti mabuku osindikizidwa ku Lisboa ndi ku São Paulo anafika bwanji kuno, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, kumene ngakhale lero nyuzipepala imafika itagona. Yankho ndi njanji. M'chaka cha 1970 anatsegula njanji yochokera ku Cuamba, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Nova Freixo, kudzera pa Entre-Lagos kukalowa m'Malawi pa Nayuchi. Sitima inabweretsa antchito a njanji, a kasitomu, asilikali ndi eni makantina, ndipo anthu amenewa ndi ana awo ankawerenga timabuku totere. Akatha kuwerenga ankatitaya, kapena kukulungira sopo ndi mchere m'kantina.

A malume nthawi imeneyo anali mnyamata wophunzira utelala pa khonde la kantina ina. Sukulu analekeza kalasi yachitatu. Ankatola masamba otayidwa, kuwawongola ndi simbi ya makala, n'kuwasoka pamodzi ndi ulusi wa pamakina. Mpaka lero timabuku tina m'bokosimo tili ndi msoko wa telala kumsana kwake. Ankatiuza kawirikawiri kuti Chipwitikizi chawo sanachiphunzire kwa mphunzitsi koma kwa tianthu timeneti, chifukwa ukaona munthu wakweza manja pamaso pa mfuti sufunikanso womasulira kuti udziwe tanthauzo la mawu ali m'kachikhodzodzo.

Ambiri mwa mabuku a nthawi ya atsamunda m'bokosimo ndi a Mundo de Aventuras, magazini imene inatuluka ku Portugal kuyambira 1949 mpaka 1987, ndi a O Falcão, timabuku tating'ono tokwana m'thumba la malaya. Mu O Falcão ndi mmene munkatuluka Major Alvega, woyendetsa ndege za nkhondo. Nkhani ya munthu ameneyu ndi yoseketsa. Anajambulidwa ku England ndipo dzina lake lenileni linali Battler Britton, koma a boma la Salazar oyang'anira zosindikiza sankafuna kuti ana azitamanda ngwazi zachilendo, tsono osindikiza anamupatsa dzina ndi magazi a Chipwitikizi. A malume anamwalira akukhulupirira kuti Alvega anali Mpwitikizi weniweni, ndipo ine sindinawatsutse.

Mulinso a Tio Patinhas ndi a Zé Carioca ochokera ku kampani ya Abril ya ku Brazil, amene ndi omwe ife adzukulu tinkaloledwa kugwira, koma titasamba m'manja.

Tisabise mawu: munthu wakuda m'mabuku ambiri a nthawi imeneyo ndi wonyamula katundu, wamantha, kapena wa milomo yaikulu woseketsa azungu. Izi zinayamba kale. Magazini ya O Papagaio, imene mu 1936 inayamba kusindikiza nkhani za Tintin ku Portugal, itafika pa ulendo wa mnyamatayu wa ku Congo mu 1939 inasintha dziko n'kuutcha Tim-Tim em Angola, kuti ana a ku Portugal aone ngati ndi m'dziko lolamulidwa ndi kwawo. Pali anzanga amene amati mabuku otere ayenera kungotenthedwa. Ine sindigwirizana nawo. Mwana wa lero ukamuuza kuti atsamunda ankatipeputsa amangomva ngati phunziro la pa mayeso. Ukamuonetsa chithunzicho amakhala chete.

XICONHOCA, NJOKA YA PA CHIPUPA

Ufulu utabwera mu 1975, mabuku ochokera ku Lisboa anasiya kufika, makantina ambiri anatsekedwa, ndipo tianthu tinasintha nkhope. M'chaka cha 1976 nthambi ya zofalitsa nkhani ya chipani cha Frelimo inatulutsa munthu wojambula wotchedwa Xiconhoca. Dzinali linapangidwa polumikiza Xico, dzina la kazitape wina wa apolisi achinsinsi a PIDE, ndi nhoca, liwu limene ife sitifuna womasulira chifukwa ndi njoka yathu yomweyi. Xiconhoca ankatuluka m'magazini ya Tempo ndi m'nyuzipepala, ankamatidwa pa zipupa za masukulu ndi maofesi, ndipo mu 1979 zithunzi zake zinasonkhanitsidwa m'kabuku kotchedwa Xiconhoca, o Inimigo do Povo, ndiye kuti mdani wa anthu.

Tsiku lina anali chidakwa, tsiku lina waulesi, tsiku lina wa kandonga wobisa shuga kuti akagulitse mokwera, tsiku lina kalaliki wa mu ofesi wonyoza anthu ali pa mzere, tsiku lina wosankha mitundu. Anthu ankaseka chifukwa aliyense ankadziwa Xiconhoca wina wa pafupi naye.

Kabuku kameneka kali m'bokosi la a malume, chikuto chake chodyedwa pakona. Ndi kamene ndakhala nako nthawi yaitali kuposa ena onse, chifukwa kwa ife a chigawo cha Niassa nthabwala imeneyi ili ndi mbali ina. Dzina la Xiconhoca silinathere pa pepala. Munthu ukatchulidwa dzinali pa msonkhano wa m'mudzi kapena wa pa ntchito, zinthu zinali zitakuipira. Misasa yambiri yotchedwa yophunzitsanso anthu khalidwe inali m'nkhalango za chigawo chino, monga ku M'telela. Ndipo mu 1983, pa ntchito imene boma linaitcha Operação Produção, anthu zikwizikwi amene anaonedwa ngati opanda ntchito m'mizinda ya Maputo ndi Beira anakwezedwa ndege n'kudzatulidwa kuno ku Niassa. Ena anafera konkuno, ena anakwatira n'kukhazikika, ndipo ana awo ndi amene tinaphunzira nawo sukulu. Kabuku ka masamba ochepa kameneka kakuonetsa mmene boma la nthawi imeneyo linkaonera munthu wolakwa, m'njira imene buku la mbiri ya kusukulu silifotokoza.

Buku lina la nthawi yomweyo ndi losiyana kwambiri. Dzina lake ndi Akapwitchi Akaporo, Armas e Escravos, lojambulidwa ndi João Paulo Borges Coelho ndi kusindikizidwa ku Maputo mu 1981 ndi bungwe la boma la mabuku ndi malekodi la INLD. Mutu wake uli m'Chimakua, koma Mnyanja aliyense amva yekha kuti akaporo ndi akapolo. Likusimba za mfuti, malonda a anthu ndi nkhondo zolimbana ndi Apwitikizi kumpoto kwa dziko lino. Mu 1984 mkulu yemweyu anatulutsa lina lotchedwa No Tempo do Farelahi, la mtsogoleri wa ku Angoche amene anavutitsa atsamunda zaka zambiri. Borges Coelho pambuyo pake anatchuka ngati mphunzitsi wa mbiri pa Universidade Eduardo Mondlane ndi mlembi wa mabuku a nthano, mpaka kulandira mphotho ya LeYa mu 2009, ndipo ambiri amene amawerenga mabuku akewo sadziwa kuti anayamba ndi tianthu. A malume anali ndi loyambalo lokha. Aka kanali koyamba kwa iwo kuona m'buku la zithunzi anthu akuda akulamula, akupangana za nkhondo, akulakwitsa ndi kupambana monga anthu.

ZAKA ZA KU MACHINGA

Nkhondo itafika povuta mu 1986, banja lathu linawoloka malire monga anachitira mabanja ambiri a boma lino, n'kukakhala m'boma la Machinga ku Malawi. Dziko laling'onolo linasunga anthu athu opitirira miliyoni imodzi. Ine ndinabadwira komweko. Mayi anga amasimba kuti usiku wothawawo anthu ankasenza miphika, mphasa ndi ana, koma mlongo wawo anasenza mutu wa makina osokera pamutu ndi mtolo wa mabuku kumsana atakulunga m'chitenje, ndipo anakalipiridwa njira yonse.

Makope awiri aja ndi a zaka zimenezo. Ku Malawi mabuku a Chipwitikizi kunalibe, tsono a malume anayamba kudula makatuni m'nyuzipepala zakale zimene ankapempha kwa aphunzitsi ndi kwa makasitomala awo, makamaka Pewani wa Brian Hara wa m'nyuzipepala ya Malawi News. Ankamata ndi phala la ufa wa chinangwa, ndipo pansi pa chilichonse ankalemba mwezi ndi chaka ndi pensulo. Inali nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, pamene bungwe lounika zosindikiza linali ndi mphamvu kuyambira 1968, moti wojambula sakanayerekeza kuseka andale. Makatuniwo ndi a za ngongole, mowa, chibwenzi ndi mabodza a m'banja. Koma ukawayang'ana lero umaonamo zovala, mabasi ndi mitengo ya zinthu ya zaka zimenezo.

Komweko anapezanso timabuku titatu ta African Film, timene nkhani yake siyojambula pamanja koma ndi zithunzi za kamera, za munthu wofufuza milandu wovala suti ndi chipewa, Lance Spearman. Timeneti tinkasindikizidwa ndi kampani ya Drum pakati pa 1968 ndi 1972 ndipo tinkagulitsidwa m'maiko ambiri a mu Africa. Anagula kwa mkulu wina amene anagwirako ntchito ku Joni.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera kuno mu 1994. Bokosi lachitsulo analigula paulendo wobwerera umenewo.

WOGULA WA KU NAMPULA

Nkhaniyi ikanathera pamenepa, koma msuweni wanga wina anajambula zikuto zingapo ndi foni n'kuziika pa Facebook monga nthabwala, kuti onani chuma chimene atisiyira. Pasanathe sabata munthu wina wa ku Nampula anaimba foni. Anati amagula zinthu zakale, ndalama zachitsulo, masitampa ndi mabuku, n'kumazitumiza kwa osonkhanitsa a ku Portugal. Anafuna a Mundo de Aventuras ndi a O Falcão amene ali ndi zikuto, kabuku ka Xiconhoca ndi Akapwitchi Akaporo. Makope a Pewani ndi timabuku tosokedwa pa makina anati alibe nato ntchito. Ndalama imene anatchula ingagule matumba awiri a feteleza.

Pamenepo abale amene anadzuka osatsanzika aja anabwerera. Wina anali atamva pa wailesi kuti ku America buku lotere linagulidwa mamiliyoni, tsono anati wa ku Nampulayo akufuna kutibera.

Za ku America n'zoona. Mu Epulo 2024 kope limodzi la Action Comics nambala 1, la chaka cha 1938, mmene munatulukira Superman koyamba, linagulitsidwa madola 6 miliyoni pa malonda a kampani ya Heritage Auctions. Pamene linkatuluka linkagulidwa masenti 10. Koma awerengi amvetse chimene chimakweza mtengo. Anasindikiza makope pafupifupi 200,000 ndipo akatswiri amati otsala ndi pafupifupi 100 okha, chifukwa makolo ankawataya ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mapepala akale ankasonkhanitsidwa kuti akapangidwenso. Kuwonjezera apo pali anthu olemera ambiri amene akulimbirana buku limodzimodzilo. Ndiponso osonkhanitsa amayeza buku ngati mmene ogula fodya amayezera tsamba: pali makampani amene amapereka mamalikisi kuyambira 0.5 mpaka 10, poona ngati chikuto chilipo, ngati mawaya a pakati achita dzimbiri, ngati pepala lafiira kapena lang'ambika. La madola 6 miliyonilo linapeza 8.5.

Tsono tikayeza a malume pa sikelo imeneyo, tiyenera kuvomereza kuti bokosi lawo si mgodi. Mundo de Aventuras anasindikizidwa wambiri ndipo ku Lisboa amapezeka pa misika ya zinthu zakale. Msoko wa telala, umene kwa ife ndi dzanja la a malume, kwa wosonkhanitsa ndi chilema. Pa mabuku amenewo wa ku Nampula sanatinamize kwenikweni. Pamene ndikumukayikira ndi pa mabuku awiri a ku Maputo aja. Amenewo anasindikizidwa m'dziko lino pa pepala losalimba, m'zaka za njala ndi nkhondo pamene pepala lililonse linkapichiridwa fodya, ndipo sindikudziwa nyumba ina m'boma lino imene ili nawo. Akapita ku Portugal sadzabweranso.

MDANI WENIWENI

Komabe wogula si amene akundisowetsa tulo. Titatulutsa mabuku onse tinapeza kuti pansi pa bokosi pachita dzimbiri n'kubooka, ndipo chiswe chinali chitakwera pa njerwa n'kulowa. Mabuku asanu ndi anayi a pansi anali atasanduka dothi pakati, kungotsala m'mbali ngati mafelemu a zenera. Limodzi mwa makope a Pewani linadyedwa kwambiri, chifukwa phala la chinangwa lija kwa tizilombo ndi nsima. A malume anadwala zaka ziwiri, ndipo m'zaka zimenezo palibe anatsegula bokosi kuti alipitse mphepo monga ankachitira iwo mwezi wa Okutobala uliwonse.

Dziko lathu lino ndi la madambo. Chinyezi chimakwera m'zipupa, ndipo mvula ikachuluka monga inachitira mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, nyumba za zidina zimagwa ndi zonse zili m'kati. Mapepala a timabuku timeneti anapangidwa otchipa kuti awerengedwe sabata imodzi, ndipo ali ndi asidi amene amawafiiritsa ndi kuwaumitsa okha ngakhale popanda chiswe.

Ndikudziwa kuti a malume sanali okha. Aphunzitsi akale, akatekisiti, antchito a njanji opuma ndi amene anabwerera kuchokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe ali ndi mitolo yawo m'masutikesi ndi kudenga. Kwa amenewa, kapena kwa ana awo, nazi zimene ndaphunzira mochedwa. Bokosi lisagunde pansi kapena chipupa, ndipo muziyang'ana kunsi kwake, osati pamwamba pokha. Mabuku agone chogona, asaime, ndipo musawamange ndi mphira chifukwa umasungunuka n'kudya pepala. Tsamba likang'ambika lisiyeni, musamate selotepi, pakuti guluu wake amasiya banga losachoka. Musapite nawo kokamatira pulasitiki yotentha ngati chiphaso, chifukwa pamenepo ndiye mwapha buku. Muziwapitsa mphepo pamthunzi m'nyengo yotentha, osati padzuwa. Ndipo amene ali ndi foni ya kamera ajambule tsamba lililonse lero lomwe. Ine ndajambula kale masamba onse a Xiconhoca ndi a makope awiri aja, ntchito ya masabata atatu madzulo ndikaweruka.

Malo osungira zinthu zotere alipo, koma ali kutali. Arquivo Histórico de Moçambique ili ku Maputo, ndipo nyumba yosungira zakale ya dziko la Malawi ili ku Zomba, kumene kwa ife ndi kufupi kuposa likulu lathu lomwe. Chimene ndingakonde n'chakuti a zamaphunziro ndi chikhalidwe m'boma lino apeze kabati imodzi yokhoma pa sukulu ya sekondale, pamene mabanja angasungitse mabuku otere dzina la mwini litalembedwa, ana n'kumawerenga pomwepo aphunzitsi akuyang'anira. Ana athu tsopano ena amayamba sukulu m'Chinyanja asanalowe m'Chipwitikizi, koma akaweruka alibe chowerenga cha zilankhulo zonse ziwiri kupatula buku la m'kalasi. Ndinayesa kupereka Tio Patinhas mmodzi kwa ana a mlongo wanga, amene amati kuwerenga n'kotopetsa. Analimbirana mpaka ndinachita kuwalanda kuopa kuti ang'amba.

Banja lathu lakhalanso pansi kawiri. Akazi a malemu akufuna feteleza, ndipo palibe angawadzudzule, pakuti munda ndi umene ukuwadyetsa. Tagwirizana kuti wa ku Nampula atenge a Mundo de Aventuras ndi a O Falcão amene ali ndi zikuto, akawonjezera mtengo, ndalama yonse ipite kwa mayiwo. Xiconhoca, Akapwitchi Akaporo, makope a Pewani ndi timabuku tosokedwa pa makina sizigulitsidwa. Pakali pano zili kwanga m'bokosi latsopano, pamwamba pa tebulo limene miyendo yake ndaiika m'zitini za mafuta akuda a galimoto. Wogulayo wanena kuti abwera pa sitima mwezi wa mawa, ndipo waimbanso kawiri kufunsa ngati sitingasinthe maganizo pa kabuku ka Xiconhoca.